Mbala Yosiya Chimbale Chodula

"Ine khutu langa silinamizidwa," anatero Don Cataldo Fumarola, masaya ali thovu lokhalokha. "Ikani chimbale ine ndili kuseri kwa chitseko, ndikuuzani pompo kuti ichi n'cha ku Amereka, ichi n'cha pamsika. Woimba amamudziwa woimba mnzake."

Linali Loweruka m'mawa, kometera tsitsi kwa a Vitantonio, ndipo ine ndinali pabenchi kudikira mpando.

"Kodi inunso ndinu woimba, Don Catà?" anafunsa msodzi wina, akutsinzinira anzake.

"Kafunse mkazi wanga, iwe. Mawa lake uli ukwati wathu, ndani anaima pansi pa khonde la m'mwamba la kwawo n'kuimba mpaka msewu wonse kutsegula mawindo? Anzanu amachita kulemba waganyu kuti awaimbire. Ine ndinaimba ndekha, pakamwa panga pano. Botolo la vinyo limene ananditsitsira m'dengu likadali pashelefu ku bala kwanga, losatsegula. A Vitantonio awa ndi mboni, ndiwo ankaliza mandolini."

A Vitantonio anangonola lumo pachikopa, nthawi yaitali kuposa mmene lumo limafunira.

Ine ndinali nditamumvapo kamodzi Cataldo akuimba, pa mdipiti wa woyera wa mzinda wathu, ndipo tsiku limenelo onyamula chifanizo anafulumiza mwendo. Koma ine ndine sajeni wa polisi, Egidio Lomartire, ndipo kudzitama si mlandu. Kukanakhala mlandu, theka la mzinda wathu wa Taranto likanakhala m'chitokosi. Ngakhale dzina laulemu lija la "Don" Cataldo anadzipatsa yekha, chaka chimene anagula makina ofulira khofi.

Chaka cha nkhani ino, 1959, anali atagula chinanso: bokosi loimba zimbale, la magetsi amitundumitundu, loponyamo ndalama. M'menemo munali nyimbo ya rokenirolu imene inazunguza mitu dera lathu lonse. Ati imanena za mtsikana wa galimoto yachikasu, koma zimenezo tinamva kwa wamalinyero woledzera. Chimbale chake Cataldo anachigula kwa wophika wa m'chombo cha ku Amereka, ndipo aliyense wogula khofi ankauzidwa zimenezi kwaulere.

*

Lachiwiri lake, mkazi wake, Donna Nunziata, analowa mu ofesi mwanga atavala ngati akupita ku Misa ya akuluakulu.

"A Sajeni, ndaberedwa."

"Pepani, mayi. Zakhala ziti? Ndalama? Ndolo?"

"Woimba wanga wa ku Amereka." Anakhala pampando, chikwama pamaondo. "M'mawa uliwonse ndikatsegula, anthu asanabwere, ndimaponya ndalama yanga m'bokosi muja kuti andiimbire ndikukolopa. Lero ndadina batani lomwelo, nyimbo ndi yomweyo, koma munthu wake wina. Wokuwa ngati apondedwa chala. Akuthamanga ngati ali ndi ngongole kumbuyo. Wanga uja amaimba ngati ali ndi nthawi. Wina wachotsa chenicheni n'kuikamo chabodza."

"Munachimva liti komaliza chili bwino?"

"Dzulo masana, tisanatseke kukadya. Madzulo anyamata anachiika n'kuyamba kudandaula, ine n'kumati mwina singano yatha."

Ndiye kuti wakubayo anagwira ntchito nthawi ya tulo ta masana, pamene mzinda wonse umatseka mawindo, ngakhale amphaka osadutsa mumsewu. Kwa wapolisi imeneyi ndiyo nthawi yoipitsitsa. Aliyense umboni wake ndi umodzi, woti anali m'tulo, ndipo mboni yake inalinso m'tulo.

"Amuna anu akuti chiyani kuti mwabwera kuno?"

"Sakudziwa. Anandiuza kuti ndisavutitse boma ndi zazing'ono." Anandiyang'ana osaphethira. "Munthu amene anaitana apolisi chifukwa cha supuni ziwiri."

*

Tinamupeza Cataldo akupukuta kapu imene inali youma kale. Atandiona ndili kumbuyo kwa mkazi wake, anaiika pansi mosamala kwambiri.

"Nunzià, wachita chiyani iwe?"

"Ndachita zimene inu mumachita pa masupuni. Tsegulani bokosilo."

Kiyi inali m'khosi mwa Cataldo, pa tcheni chimodzi ndi kamendulo ka woyera. Ndinayang'ana loko. Panalibe chothyoka, panalibe pokandika. Tisanatsegule ndinaponyamo ndalama yangayanga, imene boma silinandibwezere mpaka pano, ndipo nyimbo inayamba. Ng'oma zinali zambiri, gitala ankaluma, woimbayo ankachita ngati nsapato zake zagwira moto.

Okalamba a patebulo la makadi anapukusa mitu.

"Chabodza ichi," anatero wina. "Mwamva mmene akumezera mawu? Munthu wa ku Amereka weniweni saimba chonchi."

"Ameneyu ndi wa ku Bari, mzinda wapafupi pompa," anatero mnzake. "Ndamudziwira kukhosi."

"Auzeni a Sajeni, Catà," anatero Nunziata. "Inu a khutu losanamizidwa. Chimenechi n'chenicheni kapena chabodza?"

Cataldo anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana okalamba aja, n'kuyang'ana kudenga, kumene kunalibe thandizo lililonse.

"Chabodza," anatero.

Ndinatulutsa chimbalecho. Ngakhale ankati n'chabodza, chinali cholemera bwino. Chinali kung'anima ngati nsapato ya mkwati, singano inali isanachidye ngakhale pang'ono. Ndipo chinali ndi fungo limene silipezeka mu bala. Ndinachibweretsa pamphuno. Mankhwala othamangitsa njenjete, aja amaika m'zovala zosungidwa.

"Dzulo nthawi ya tulo munali kuti, Don Cataldo?"

"Ndikanakhala kuti? Pabedi, pambali pa mkazi wanga wa ku tchalitchi."

"Mayi?"

"Ine ndikagona masana mukhoza kuchotsa bedi, osadzuka."

"Kiyi ilipo ina?"

"Palibe." Kenaka maso ake anawala, ngati munthu amene waona khomo m'nyumba yoyaka. "Koma munthu wa manja opepuka akhoza kuivula m'khosi mwanga ine ndili m'tulo. Amene amalowa muno nthawi imeneyo ndi mmodzi yekha, wolowera khomo lakumbuyo. Oronzo wa ayezi."

"Catà!" anakuwa mkazi wake.

"Ukumuikira kumbuyo? Mwaona, a Sajeni? Mwaona? Munthu ntchito yake n'kusiya ayezi n'kumapita. Koma uyu ayi. M'mawa amaima pafupi ndi bokosili, chiguduli paphewa, madzi akudontha pansi panga, milomo ikugwedera. Ndiye mayi awa amamutsanulira mkaka wa mtedza wa amondi wozizira. Waulere! Ine mwini bala ndikafuna kumwa amandiwerengera."

"Amatenthedwa, n'chifukwa chake."

"Wonyamula ayezi amatenthedwa? Lembani, a Sajeni. Oronzo Carrieri. Lembani dzina lake lero lomwe."

Pamenepo nkhani inasiya kuseketsa. Oronzo ndinkamudziwa. Anali ndi ana atatu ndi mayi ake odwala miyendo, ndipo atadikira zaka zambiri anali atapeza ntchito ku doko la zombo za nkhondo, yoti ayambe sabata yotsatira. Kumeneko salandira munthu amene dzina lake lagonapo m'buku la polisi, ngakhale atapezeka wosalakwa pambuyo pake. Cataldo ankadziwa zimenezi. Tonse tinkadziwa.

"Ndilemba ndikafufuza," ndinatero.

"Mukapanda kulemba pofika mawa ndikaonana ndi akuluakulu anu. Amamwa khofi muno."

Ndinakulunga chimbalecho m'nyuzipepala n'kutuluka. Pashelefu, pamwamba pa mabotolo onse, botolo la ukwati lija linali litaima lokha, lopukutidwa bwino, riboni yake itasuluka.

*

Pamsika pali munthu mmodzi wodziwa zimbale, Aniello wa ku Napoli, amene amagulitsa pa katebulo kopinda kuti azithawa msanga akaona ife. Zimbale zake zonse zili ndi chithunzi cha gulugufe pakati. Dzina la nyimbo amalilemba lalikulu, la woimba laling'ono ngati nsabwe.

"Akuluakulu! Maso a boma! Lero dzuwa latulukira kwa ine. Chilolezo changa chili kwa mlamu wanga, akubwera nacho pompano, wangokhota pakona."

"Sindinabwerere chilolezo. Ichi n'cha kwanu?"

Anatsegula nyuzipepala ija, n'kuyamba wapukuta manja pamalaya.

"Mayi Maria! Ayi, bwana wanga, musandinyoze, ine ndilibe katundu wotere. Ichi n'chenicheni. Chadutsa nyanja ichi. Tamvani kulemera kwake. Zanga zija mukhoza kupepesera moto. Ichi chimodzi mugula nacho tebulo langa lonse, ndi mlamu wanga yemwe."

Ndinakhala pa kreti. Zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo mbala yoba chinthu chotchipa n'kusiya chodula.

"Ndiye dera lonse likuti n'chabodza bwanji?"

"Poti anazolowera changa! Bwana, eni mabala onse amatero, si chinsinsi, ndi nzeru. Chenicheni amachionetsa tsiku loyamba, anthu achigwiregwire, kenaka amakachibisa kunyumba kuti singano isachidye. M'bokosi amaikamo cha Gulugufe. Ndani adziwe? Munthu amakonda mawu amene anayamba kuwamva. Mukamupatsa enieni amati mwamunamiza."

"Cataldo anagula kuno?"

"Ine sinditchula makasitomala. Ndili ndi ulemu ine." Anayang'ana unifomu yanga. "Anagula chimodzi nthawi yozizira. Ndiye sabata yatha anabweranso, chipewa atachitsitsa mpaka pamphuno, ngati mimba imeneyo ingabisike ndi chipewa. Anagula zonse za nyimbo imeneyo zimene ndinatsala nazo. Ine n'kumati Mulungu wandikumbukira. Kenaka akundigwira pakhosi: woimba uyu ndani?"

"Ndani?"

"Akuluakulu, oimba a Gulugufe alibe nkhope. Amalowa m'galaja ina ku Napoli m'mawa, amamvera chenichenicho kangapo, amaimba, amapatsidwa dzina lachimereka ndi tikiti yobwerera kwawo. Chingerezi sadziwa ngakhale moni. Mawa lake abwerera kukasenza zimene amasenza."

"Amasenza chiyani?"

"Eee, taonani mlamu wanga uyo!" Analoza kumbuyo kwanga. Sindinacheuke, ndine wamkulu ine. Koma anali atapinda kale tebulo.

Tsopano ndinkadziwa amene anatsegula bokosi. Chimene sindinkadziwa n'chifukwa chake munthu angadzibere yekha, n'kufuna kuti mnzake afe ndi njala.

*

Kopangira ayezi n'kumbuyo kwa msika wa nsomba. Ndinalowera kokwezera ngolo. Ndisanafike pachitseko cha chipinda chozizira ndinaima, chifukwa m'katimo wina ankaimba. Inali nyimbo ya galimoto yachikasu ija. Osati yokuwa imene ndinali nayo m'khwapa, koma ija tinaizolowera, yoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wobwera kwawo madzulo. Popanda ng'oma, popanda gitala. Ndivomere kuti ndinachita kaduka. Ine mawu anga amangothandiza pobalalitsa anthu.

Anatuluka Oronzo, chibuma cha ayezi paphewa. Munthu wowonda, wamakutu aakulu, wa nkhope yoti ukaiona lero mawa waiwala. Atandiona anatseka pakamwa ngati wagwidwa akudya nyama Lachisanu.

"Moni, bwana wa ku Amereka."

Anatsitsa ayezi uja pangolo.

"Ndinapita kamodzi kokha, a Sajeni. Aniello ndiye ananditenga."

"Anakupatsa chiyani?"

"Tikiti. Ndi nsapato izi."

"Cataldo akuti unaba chimbale m'bokosi mwake dzulo masana."

"Ndinalowa. Ndinasiya ayezi. Ndinatuluka."

"Alipo anakuona?"

"Bulu."

"Sunachitenge?"

"Ndikachiimbire pati? Galamafoni ndilibe." Anapukuta manja pachiguduli. "M'bala muja ndi mokhamo mmene ndimadzimvera. Ndingabe bwanji?"

"Ukudziwa kuti akufuna dzina lako lilembedwe? Ukudziwa zimene zichitike ku doko?"

Anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye tandiuza. Unamulakwira chiyani munthu ameneyu? Mkazi wake?"

"Ayi! Donna Nunziata ndimawapatsa moni basi."

"Nanga chiyani?"

"Ndinalumbira, a Sajeni. Kalekale. Ndinagwira mendulo ya woyera."

"Woyerayo adyetsa ana ako?"

Anakwera pangolo n'kumenya bulu mopepuka, ngati akumupepesa. Pali anthu amene umphawi unawasiyira chinthu chimodzi chokha, mawu awo, ndipo amachigwira mpaka kumira nacho. Amanditopetsa kwambiri anthu oterewa.

Koma anati kalekale. Ndipo mendulo ya woyera ndinali nditaiona m'mawa womwewo, pambali pa kiyi.

*

"Mwameta Loweruka lomweli," anatero a Vitantonio nditakhala pampando wawo.

"Zimamera msanga ndikakhala ndi mlandu. Bambo, usiku uja munkaliza mandolini pansi pa khonde la kwa Nunziata, ndani ankaimba?"

Anandipaka sopo mpaka pamilomo, kuti ndisiye kulankhula.

"Mwana wanga, ine ndine munthu wokalamba, ndatsala pang'ono kukaonana ndi woyera amene ndinamulumbirira. Za woimba usandifunse."

"Oronzo aluza ntchito."

Lumo linaima pakhosi panga. Si malo abwino oti lumo liziganizirapo.

"Za woimba ndinalumbira," anatero pang'onopang'ono. "Za nyengo sindinalumbire. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula yowaza, kuzizira koti zala zanga zinkakana zingwe. Cataldo anaima pansi pa nyali, dzanja pamtima, pakamwa yasa. Za ngolo sindinalumbirenso. Pansi penipeni pa khondepo, pamdima, panaima ngolo ya ayezi." Lumo linayambanso kuyenda. "Ine mpaka lero ndimadzifunsa. Febuluwale, ndani ankafuna ayezi?"

*

Ndinasankha madzulo, nthawi imene anthu amatuluka kukayenda n'kudzaza mu bala. Ndinaitanitsa Oronzo. A Vitantonio anabwera okha, ati kudzamwa khofi, chinthu chimene dokotala anawaletsa.

"Mwabwera kudzamumanga?" anafunsa Cataldo mokweza, kuti amve ndi a panja omwe.

"Ndabwera kudzabweza katundu." Ndinaika chimbale chija pakauntala. "Ichi n'chanu, Don Cataldo. Cha ku Amereka chenicheni, cha wophika uja. M'mawa munati n'chabodza, koma tisakuweruzeni, khutu limatopa."

Okalamba a makadi anayamba kuyang'ana makadi awo mwachidwi.

"Mayi, m'nyumba mwanu mankhwala a njenjete mumaika pati?"

"Malo amodzi okha. M'bokosi la suti yawo ya ukwati, pamwamba pa wadirobu. Sinawakwanenso chibadwire mwana wathu woyamba, koma salola kuti ndiipereke."

"Tatibweretserani."

"Nunzià, usakwere!"

Anakwera. Tinamva mapazi ake pamwamba, mpando ukukokedwa, kenaka anatsika nalo n'kulitsegula pakauntala pomwepo. Atanyamula jekete, zimbale zinakhuthuka ngati makadi. Zonse za Gulugufe. Zonse zatsopano, kupatula chimodzi chotuwa, chodyeka ndi singano. Nunziata anachitola chimenecho ndi manja awiri.

"Apa ndi pamene chenicheni chinkagona," ndinatero, "mpaka dzulo masana, pamene zinasinthana malo. Loko sanathyole chifukwa kiyi inali m'khosi mwa mwini wake. Kudzibera wekha si mlandu, Don Cataldo. Koma kunamizira mnzako kupolisi ndi mlandu, ndipo buku langa lili ndi malo. Dzina limodzi lilowamo lero, kapena pasalowe lililonse. Muli anthu awiri muno amene munawamanga pakamwa ndi mendulo yanuyo. Amasuleni."

Maso onse anatembenukira kwa Cataldo.

Cataldo anafiira kuyambira m'khosi. Ndinkayembekeza kuti akana. M'malo mwake anatembenukira mkazi wake, ngati ife tonse tasungunuka.

"M'mawa uliwonse, Nunzià! M'mawa uliwonse ukutsamira chokolopera, maso otsinzina, nkhope imene ine sunandionetsepo chikwatirane. Ine n'kumati ndi wa ku Amereka, ali kutali, asambira bwanji nyanja yonseyo? Ndiye tsiku lija ukundiuza kuti, Catà, mawu awa akufanana ndi a usiku uja pansi pa khonde. Ndikumvetsera bwino, n'zoona! Ndagula ndekha, ndi ndalama zanga, n'kumuika m'nyumba mwanga momwe! Ndiye ali apa, akudontheza madzi, akumwa mkaka wanga wa amondi!" Analoza Oronzo. "Ndi uyu! Ndi uyu anaimba usiku uja, atabisala kuseri kwa ngolo. Ine ndinkangoyasamula. Mwamva nonse? Mwakhuta?"

A Vitantonio anapuma mpweya umene anausunga zaka zoposa khumi, n'kumwa khofi wawo.

Nunziata anatembenuka n'kumuyang'ana Oronzo kuyambira kumakutu mpaka ku nsapato za ku Napoli. Oronzo ankayang'ana pansi ngati wataya ndalama.

"Ndi inu?" anatero. "Inu a Oronzo? Ndakhala ndikukayikira wogulitsa nsalu. Ndinakayikirapo ngakhale mlongo wanga." Kenaka anatembenukira mwamuna wake. "Zoti simunali inu ndinadziwa usiku womwewo, Catà."

"Unadziwa bwanji?"

"Munayetsemula. Pakati pa ndime yachiwiri. Kawiri. Nyimbo osaima."

Wina patebulo la makadi anatsamwa, anzake n'kumamumenya pamsana mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

"Ndiye zaka zonsezi..." Cataldo anagwira kauntala. "Ndiye unanditsitsira dengu bwanji? Unandikwatiwa bwanji?"

"Woimbayo anali pouma, kuseri kwa ngolo. Inu ndi amene munaima pamvula ngati chitsiru, pakamwa yasa, chifukwa cha ine." Anapinda jekete lija n'kulibwezera m'bokosi. "Komanso amayi anali atapha kale nkhosa."

Cataldo anatsegula pakamwa, koma popeza panalibe womuimbira kuseri, sipanatuluke kanthu.

"Koma vinyo wa m'dengu ndi wa woimba," anapitiriza mayiyo. "Mwambo ndi umenewo, ndipo aliyense muno akuudziwa. Mwakhala naye nthawi yaitali katundu wa mwini. Tsitsani."

"Nunzià, pagulu pano?"

"Munadzitama naye pagulu."

Cataldo anakoka mpando. Mpando unadandaula, koma unamunyamula. Anatsitsa botolo lija, n'kulipukuta ndi epuloni mwa chizolowezi, kenaka anazungulira kauntala n'kuima pamaso pa wonyamula ayezi.

"Tenga," anatero. Mkazi wake anatsokomola. "Tengani, a Oronzo. N'lanu. Ndipo a Sajeni, zimene ndinanena m'mawa zija... kunali kutentha."

"Kunatenthadi," ndinatero, n'kubwezera cholembera m'thumba. Dzina la Oronzo Carrieri silinalowe m'buku langa, ndipo ntchito ku doko anakaiyamba pa tsiku lake.

Oronzo analigwira botololo ngati khanda la eni. Ndikuganiza kuti akanakonda kupita nalo kwawo, koma mwambo umatinso woimba amwe ndi amene alipo. Anapempha chotsegulira. Nunziata anandandalika timatambula, kenaka anabwezera chimbale chotuwa chija m'bokosi loimba n'kuponyamo ndalama. Nyimbo itayamba anatsinzina. Cataldo anasuntha msanga n'kukaima pakati pa iye ndi Oronzo, kumene mimba yake inagwira ntchito yabwino koposa khoma.

Tinakweza matambula. Vinyo amene wakhala zaka zonsezo pamwamba pa makina a khofi, pafupi ndi denga, amasanduka chinthu chothira pa saladi. A Vitantonio anagwetsa misozi. Ine ndinameza chifukwa ndinali mu unifomu. Oronzo anamwa yense, mwaulemu, poti anali malipiro ake.

Cataldo anamwa pang'ono, n'kumuzunguza m'kamwa, diso limodzi lili pa mkazi wake.

"Uyu ndiye vinyo," anatero. "Masiku ano sapanganso wotere. Ndikukuuzani ine, lilime langa silinamizidwa."